NKHOKWE YA MAINA IKABOOKA, TIDZITETEZE BWANJI?

1. Lero timadziŵika ndi manambala

Anzathu alimi ndi antchito a ku Domwe, kale munthu ankadziŵika ndi nkhope yake. Mfumu inkamdziŵa. Anansi ankamdziŵa. Akafuna kukongola mbeu, mau ake anali okwanira. Lero zinthu zasintha. Ku ofesi, ku banki ndi pa foni timadziŵika ndi manambala.

Tiyeni tiŵerenge manambala amene tili nawo. Yoyamba ndi ya bilyete, chitupa chonga chija anzathu a ku Malaŵi amachitcha chiphaso cha unzika. Ili ndi manambala 12 ndi chilembo chimodzi kumapeto. Yachiŵiri ndi NUIT, nambala ya msonkho, ya manambala 9. Yachitatu ndi ya foni. Ikayamba ndi 84 kapena 85 ndi ya Vodacom, 86 kapena 87 ndi ya Movitel, 82 kapena 83 ndi ya Tmcel. Palinso khadi lovotera. Ndipo ena mwa ife, amene timapita ndi kachewere ndi nyemba ku Dedza kapena ku Lizulu, tili ndi SIM ya Airtel kapena ya TNM.

Masiku ano nambala ya foni ndi chikwama. Mu 2011 kunayamba mKesh. Mu 2013 M-Pesa inafika m'dziko muno, ndipo pambuyo pake kunabwera e-Mola. Ndalama za chimanga, za soya ndi za fodya zimadzera m'menemo. Mwana amene ali ku Tete, ku Beira kapena ku Joni amatumizira makolo ake m'menemo.

Tsono tidzifunse: manambala athuŵa tinawasiya kuti? Tinawasiya polembetsa SIM, pakuti lamulo likuti SIM iliyonse ilembedwe m'dzina la mwini wake. Tinawasiya ku banki, ku chipatala ndi ku sukulu ya ana. Tinawasiya pa mndandanda wa mbeu ndi feteleza, ndi pa kalata ya pangano la fodya. Tinawasiya kwa wa fotokope ndi m'kope la ajenti. Malo onseŵa ndi nkhokwe. M'malo mwa chimanga, muli maina athu. Ndipo olonda nkhokwe zimenezi si ife.

2. Nkhokwe ya maina imabooka bwanji?

Imabooka m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kuthyola makina. Maofesi akuluakulu amasunga maina m'makompyuta olumikizidwa ku intaneti. Mbala yodziŵa makina ingathe kuloŵamo ili kutali, osaponda ndi pakhomo pomwe. Mu February 2024, Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti wa Malaŵi pa nthaŵiyo, anauza nyumba ya malamulo kuti mbala zaloŵa m'makina opangira mapasipoti ndipo zikufuna dipo. Anati boma silipereka dipolo. Kwa milungu ingapo anthu sanathe kulandira mapasipoti.

Njira yachiŵiri ndiyo bodza. Ku South Africa kuli kampani ya Experian, imene imasunga mbiri ya anthu pa nkhani za ngongole. Mu 2020 munthu wina anadzionetsa ngati kasitomala weniweni wa kampaniyo, ndipo anapatsidwa mbiri ya anthu pafupifupi 24 miliyoni: maina, manambala a zitupa, manambala a foni ndi kumene amakhala. Iyeyu sanathyole chitseko. Anachita kumtsegulira. Nkhani imeneyi ikutikhudza, pakuti abale athu ambiri akugwira ntchito m'dziko limenelo. Munthuyo anagwidwa, ndipo mu 2023 khoti linamlamula kukhala m'ndende zaka 15. Koma mainawo anali atapezeka kale pa intaneti.

Njira yachitatu ndiyo kusasamala, ndipo iyi ndiyo ili pafupi ndi ife. Fotokope ya bilyete yatuluka moipa, aitaya kudzala. Mndandanda wa alimi wajambulidwa ndi foni, ukuyenda pa WhatsApp. Kope la ajenti lasiyidwa patebulo lili chitsegulire. Foni yagulitsidwa pamsika zithunzi za zitupa zili momwemo. Pena wantchito wosakhulupirika agulitsa mndandanda wonse kuti apeze ya sopo.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa chimanga ndi maina. Chimanga chikabedwa, timaona kuti nkhokwe yatsika. Maina akabedwa sipaoneka kanthu, chifukwa mbala imangokopera. Ofesi idakali nawo, mbalanso ili nawo, ndipo ingathe kuwagulitsa kwa mbala zina khumi. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Choncho tisataye nthaŵi kufuna kubweza zimene zinatuluka. Tiphunzire kuteteza zimene zatsala.

3. Mbala imachita nalo chiyani dzina lathu?

Choyamba, imatinyenga nalo. Tiyerekeze kuti foni ikulira. Woimbayo akutchula dzina lathu lonse, dzina la amayi athu, mudzi wathu ndi nambala ya bilyete. Akuti ndi wa ku kampani ya foni. Akuti akaunti yathu itsekedwa lero lomwe tikapanda kumuuza PIN. Mtima ukuti: "Ameneyu ndi wa ku ofesi ndithu. Nanga zonsezi wazidziŵa bwanji?" Apa mpamene ambiri amagwera. Zonsezo wangoziŵerenga pa mndandanda wakuba, kapena pa fotokope yotola.

Chachiŵiri, imalanda nambala yathu. Munthu akataya SIM, kampani imampatsa ina ya nambala yomweyo. Ku sitolo amati segunda via. Mbala imapita ndi chitupa chabodza cha dzina lathu, nikanama kuti foni yatayika. Ikapatsidwa SIM yatsopano, yathu imafa. Kuyambira pamenepo mauthenga athu onse, ndi a ku banki omwe, amapita kwa iyo.

Chachitatu, imalembetsa SIM yatsopano m'dzina lathu, nkumabera nayo anthu ena. Apolisi akatsata nambalayo, dzina limene amapeza ndi lathu. Tingathe kuyankha mlandu wa ku Nampula ife sitinapondeko.

Chachinayi, imatenga ngongole. Masiku ano ngongole zina zimatengedwa pa foni pomwepo, popanda kuonana nkhope. Ndalama adya wina, ngongole itsala kwa ife. Tsiku lofuna ngongole yathuyathu ya feteleza, atiuza kuti tibweze kaye yakale.

Chachisanu, imanamiza abale athu. Imawalembera kuti: "Ndine mlongo wanu, ndili ku chipatala, foni yanga yafa, tumizani ndalama pa nambala iyi." Poona kuti dzina ndi mudzi nzoona, mbaleyo amatumiza.

4. Makiyi anayi amene ali ndi ife

Tisachite mantha. Mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi iyi: dzina ndi manambala zimangoifikitsa mbala pakhomo. Kuti itsegule, kaŵirikaŵiri imasoŵa makiyi. Makiyiwo ali ndi ife, ndipo nchifukwa chake imatiimbira foni.

Kiyi woyamba ndi PIN. Imeneyi ndi nambala yachinsinsi yotsegulira ndalama za m'foni kapena khadi la ku banki. Wantchito woona wa kampani ya foni kapena wa banki safunsa PIN. Ajenti sayenera kuidziŵa. Aliyense wofunsa PIN pa foni ndi mbala, ngakhale atalankhula Chipwitikizi chabwino chotani.

Kiyi wachiŵiri ndi kodi yobwera pa uthenga. Banki, WhatsApp ndi Facebook zimatumiza manambala pa foni yathu pofuna kutsimikiza kuti ndifedi. Ya WhatsApp ili ndi manambala 6. Mbala imati: "Pepani, kodi yanga yabwera pa foni yanu mwangozi, tandiŵerengereni." Limenelo ndi bodza. Kodi yobwera pa foni yathu ndi yathu. Tikaiŵerenga mokweza, tamtsegulira chitseko.

Kiyi wachitatu ndi SIM yeniyeniyo. Tisaibwereketse. Posiya foni kwa wokonza mafoni, kapena pamalo otchajitsa pamsika, tichotse SIM tiike m'thumba. Pogulitsa foni, tifufute zonse zili m'menemo.

Kiyi wachinayi ndi bilyete yeniyeni pamodzi ndi chala chathu. Tisadinde chala kapena kusaina pa pepala limene sitinaliŵerenge. Tisadinde pa pepala lopanda kanthu, ngakhale atati adzalemba bwino kutsogolo. Tisalole kuti munthu wongodutsa, wolonjeza thandizo kapena ntchito, atijambule nkhope titanyamula bilyete. Tisapereke bilyete ngati chikole cha ngongole ya m'mudzi. Ndipo mnzathu akati timlembetsere SIM m'dzina lathu chifukwa iye alibe chitupa, tikane mwaulemu. Chilichonse chimene SIM imeneyo idzachite chidzafunsidwa kwa ife.

5. Tikamva kuti nkhokwe yabooka

Nkhani ingatipeze pa wailesi, pamsonkhano kapena pa uthenga. Tikamva kuti malo amene tinasiyako dzina aboola, tichite izi.

Tisinthe PIN tsiku lomwelo. Ya M-Pesa timayambira pa *150#, ya e-Mola pa *898#. Tisasankhe chaka chathu chobadwa, pakuti chinalembedwa pa bilyete ndipo mbala ikuchidziŵa kale. Tisasankhe 1234 kapena 0000. Tisasankhe manambala omalizira a foni yathu. PIN ya foni isafanane ndi ya khadi la ku banki. Tisailembe kuseri kwa foni.

Tione ndalama zimene zatsala, ndiponso zimene zaloŵa ndi kutuluka masiku apitaŵa. Nkwabwino kukhala ndi kope laling'ono lolembamo ndalama iliyonse imene tatumiza kapena kulandira. Kope limeneli ndilo lidzatiuza msanga ngati china chasoŵa.

Tipite ndi bilyete ku sitolo ya kampani ya foni, ngakhale kutafunika ulendo wa ku Ulongwe. Tikafunse manambala amene analembedwa m'dzina lathu. Tikapeza nambala yachilendo, tipemphe kuti itsekedwe.

Tichenjere ndi anthu odzipereka kutithandiza. Nkhani ya kubooka kwa nkhokwe nayonso imasanduka nyambo. Wina aimba nkuti: "Maina anu abedwa, ife tikuteteza akaunti yanu, tiuzeni kodi imene yabwerayo." Tidule foni. Kenaka tiimbe tokha ku nambala ya kampani imene tikuidziŵa, osati imene woimbayo watipatsa. Mbala imakonda kufulumizitsa munthu: "Tsopano lino! Zatsala mphindi zisanu!" Ofesi yoona imalola munthu kuganiza. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tipangane ndi a pabanja pathu lamulo limodzi: ndalama sizitumizidwa chifukwa cha uthenga wokha. Tiyambe taimba pa nambala yakale ya mbale wathuyo. Lero kuli makina otha kutsanzira mau a munthu. Choncho tikakayika, tifunse funso limene wa pabanja yekha angayankhe, monga dzina la ng'ombe ya agogo kapena malire a dimba lathu.

Tisamale mafotokope. Popereka fotokope ya bilyete, tilembepo ndi cholembera ntchito yake ndi tsiku lake, mwachitsanzo: "Ya kulembetsa mwana ku sukulu basi." Yotuluka moipa tisaisiye kwa wa fotokope. Tiitenge, tikaiotche.

Pomaliza, tisaiŵale msanga. Maina obedwa sakalamba. Mbala ingathe kuwagwiritsa ntchito patapita chaka kapena zaka ziŵiri. Nyengo yogulitsa zokolola, pamene m'foni muli ndalama, mpamene tiyenera kukhala tcheru koposa.

6. Zizindikiro zakuti mbala yayamba ntchito

Foni yathu yataya netiweki, pamene ya mnzathu wa kampani yomweyo, pamalo omwewo, ikugwira bwinobwino.

Kodi zikubwera pa foni ife osazipempha.

Uthenga ukunena za ngongole imene sitinatenge.

Ndalama zatsika ife osatapa.

Abale akutifunsa kuti: "Zija tinatumiza dzulo mwalandira?" pamene ife sitinapemphe kanthu.

Tikaona chimodzi mwa zimenezi, tisadikire maŵa. Ndalama za pa foni zimayenda mwamsanga kuposa njinga yamoto. Tibwereke foni, tiimbire kampani kuti itseke nambala ndi akaunti. Ngati tili ndi akaunti ku banki, tiuzenso a banki. Mauthenga tisawafufute, pakuti ndiwo umboni. Tilembe m'kope nambala imene inaimba, tsiku, nthaŵi ndi kuchuluka kwa ndalama. Kenaka tipite ku polisi tikanene, ndipo tipemphe kalata yosonyeza kuti tanena. Kalata imeneyi tiisunge bwino. Tsiku lina nambala ya dzina lathu ikadzapezeka pa mlandu, ndiyo idzatiikira umboni. Bilyete ikatayika kapena kubedwa, tichitenso chimodzimodzi, ndipo tipite ku ofesi ya Identificação Civil kukapempha ina.

Ndalama zimene mbala yatapa kale sizibwerera kaŵirikaŵiri. Koma kunena msanga kumapulumutsa zotsala, ndipo kumayeretsa dzina.

Tisabise chifukwa cha manyazi. Mbala zimenezi zanamizapo aphunzitsi, anamwino ndi amalonda akuluakulu. Wobedwa akakhala chete, nambala yomweyo iimbira mnansi wake maŵa lake. Akanena pamsonkhano, mudzi wonse uchenjera.

7. Tiŵerenge tokha uthenga wathu

Munthu wosadziŵa kuŵerenga amakakamizika kupereka makiyi ake. Pofika kwa ajenti amapereka foni, natchula PIN mokweza anthu ali pamzere. Uthenga ukabwera amafuna womŵerengera. Woŵerengayo akakhala wosakhulupirika, anena zochepa pamene zabwera zambiri. Apa tikuona kuti manambala amene tikuphunzira kulemba ndi ogwira ntchito lero lomwe. Munthu wodziŵa kulemba 0 mpaka 9 angathe kale kudinda PIN yake yekha, ataphimba foni ndi dzanja.

Mauthenga ambiri a ndalama amabwera m'Chipwitikizi. Tiyeni tiphunzire mau asanu aŵa:

saldo: ndalama zotsala
levantar: kutapa ndalama
transferir: kutumiza ndalama
receber: kulandira
código: kodi

Uthenga wa ndalama ukabwera, tione zinthu zitatu. Wachokera kuti? Uthenga woona umabwera m'dzina la kampani, osati pa nambala wamba ya munthu. Ukunena ndalama zingati? Nanga saldo ikuti bwanji?

Tiyerekeze kuti tinali ndi mametikali 2,000. Uthenga ukuti talandira 5,000. Posakhalitsa wina akuimba akulira, akuti watumiza molakwitsa, timbwezere. Tisafulumire. Tidinde tokha nambala ya kampani, tione saldo. Ngati ndalamazo zabweradi, tipeza 7,000. Tikapeza 2,000 yomwe ija, uthengawo ngwabodza, ndipo chimene tingatumize chichokera m'thukuta lathu. Zikakhala kuti zabweradi, timuuze mwini wake adandaule ku kampani, ndiyo idzakonza.

Agogo ndi ena amene maso awo saona bwino asankhe munthu mmodzi yekha wokhulupirika wa pabanja wowathandiza. Wothandizayo aŵerenge uthenga mokweza pamaso pao, ndipo alembe m'kope. Asapite ndi foni kwina yekha.

8. Tili ndi ufulu wofunsa

Kusamala si ntchito ya ife tokha. Amene amasunga maina athu nawonso ali ndi udindo. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 71, amaletsa kutsegula nkhokwe za makompyuta pofuna kudziŵa mbiri ya munthu wina, pokhapokha lamulo kapena khoti litalola. Ndime yomweyo ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu woona zimene zinalembedwa za iye ndi kuzikonzetsa zikalakwika. Ku Malaŵi nako, mu 2024 kunakhazikitsidwa lamulo loteteza mbiri ya anthu.

Choncho munthu akafika m'mudzi ndi kope, nati tilembetse maina ndi manambala a bilyete, tisachite manyazi kumfunsa. Mwachokera ku ofesi iti? Kalata yanu ili kuti? Mfumu ndi akuluakulu a ku posito akudziŵa za ulendo wanu? Mainaŵa mukachita nawo chiyani, ndipo adzasunga ndani? Wantchito woona sakwiya ndi mafunso otere. Wokwiya ndi wothamangitsa anthu, ameneyo timkayikire. Safunsa anadya phula.

Nafenso amene timasunga mindandanda, alembi a makalabu a alimi, a magulu osunga ndalama, a mipingo ndi a makomiti a sukulu, tikumbukire kuti kope lili m'manja mwathulo ndi nkhokwe ya anzathu. Tilitsekere. Tisalijambule ndi kulitumiza pa magulu a WhatsApp. Tilembe zokhazo zimene zikufunika. Ntchito yake ikatha ndipo silikufunikanso, tiliotche.

Tilembe m'makope mwathu

PIN yanga ndi yanga ndekha.
Kodi yobwera pa foni yanga sindiuza munthu.
Sindidinda chala pa pepala limene sindinaŵerenge.
Wodziŵa dzina langa sindiye kuti ndi wa ku ofesi.

Mafunso okambirana

1. Tchulani malo asanu kumene munasiyako nambala ya bilyete yanu.
2. Nchifukwa chiyani kuba maina sikuoneka msanga monga kuba chimanga?
3. Tchulani makiyi anayi amene mbala imafuna kwa ife.
4. Nchifukwa chiyani chaka chobadwa si PIN yabwino?
5. Foni yanu yataya netiweki pamene ya mnansi wanu ikugwira. Muchita chiyani choyamba? Nanga chachiŵiri?
6. Munali ndi mametikali 3,500. Mwatumiza 1,200 ndipo kampani yadula 20. Saldo iyenera kukhala zingati?
7. M'mudzi mwanu ndani amasunga mindandanda ya maina? Amaisunga bwanji?

Ntchito ya sabata ino

Aliyense asinthe PIN yake yekha, popanda womuonera. Kenaka aphunzitse munthu mmodzi wa pakhomo pake kuona saldo. Tikakumananso, tidzauzana pamene panavuta.